Kodi Kudina pa Foni Kungathandize Mayi Wotchola Tiyi?

 Phunziro la ulendo uno lachokera pa kamkangano kamene kanabuka pa msonkhano wa gulu lina la amayi kuno ku Thyolo. Taona kuti nkhaniyi ikutikhudza tonse, ndipo ndi bwino kuti gulu lililonse likhale pansi ndi kuikambirana mofatsa.

Zinayamba chonchi. Mayi wina wachitsikana, amene mwamuna wake ali ku Joni ndipo anamutumizira foni yamakono, anaonetsa anzake chithunzi cha mayi wobereka dengu la tiyi kumsana, mvula ikumukhuthukira. Pansi pa chithunzicho panalembedwa kuti aliyense womvera chisoni amayi a m'minda ya tiyi adine kachizindikiro ka chala chachikulu, alembe "Amen", kenaka atumize uthengawo kwa anthu khumi. Iye anali atachita kale zonsezi, ndipo anali wokondwa. Mayi wina wachikulire, amene watha zaka zambiri akutchola tiyi mpaka zala zake zinachita kukhakhala, anachiyang'anitsitsa chithunzicho nafunsa kuti, "Tsono mwana wanga, Amen wakoyo akafika pa sikelo ya kapitawo alemera makilogalamu angati?" Amayi onse anaseka. Koma wachitsikana uja sanaseke. Anayankha mwaulemu kuti, "Nanga amayi, mukadakonda kuti ndingodutsa ngati sindinaone kanthu?"

Mafunso onse awiriwa ndi olemera, ndipo sitikufuna kuti mu phunziro lino wina apambane wina agonje. Tikufuna tione zimene zinachitikadi, makamaka pa nkhani ya tiyi wathu yemweyu, kuti tidziwe pamene kudina kunathandiza, pamene kunangothera m'malere, ndi pamene kunapweteka anthu.

Tiyambe ndi za kumaliro

Tonse tikudziwa mwambo wa maliro. Pakagwa zovuta, pali ena amene amabwera ndi ufa m'mbale, ena nkhuni, ena amatunga madzi, ena amakumba manda, ndipo ena amangobwera kudzakhala pansi n'kunena kuti "pepani". Palibe mwa ife amene anganene kuti wodzapepesa uja wabwera pachabe. Namfedwa amaona, ndipo amakumbukira amene anafika ndi amene sanafike, ngakhale papite zaka. Khamu la anthu pa siwa limauza mudzi wonse kuti banja ili silili lokha. Koma tikudziwanso kuti anthu onse atangobwera ndi "pepani" wokha, popanda wobweretsa ufa, adzukulu angagone ndi njala ndipo manda sangakumbike.

Kudina kachizindikiro pa Facebook, kusintha chithunzi chathu pa WhatsApp, kapena kulemba dzina pa kalata yodandaula ya pa intaneti, zili ngati "pepani" uja. Kusiyana kwake n'kwakuti kumaliro namfedwa amatiwona ndi maso ake, pamene pa foni nthawi zambiri mwini vuto sadziwa n'komwe kuti tinadina. Amayi ambiri amene amalawirira m'mamawa kupita kukatchola tiyi ku Makwasa, ku Thunga kapena ku Bvumbwe alibe foni zoonetsa zithunzi, ndipo amene ali nazo saika ndalama ya bandulo patsogolo pa ndalama ya kuchigayo. Choncho funso loyamba lofunika kudzifunsa ndi ili: uthenga umene ndadinawu ukupita kwa yani? Ngati sukufika kwa wovutikayo kuti atonthozedwe, kodi ukufika kwa munthu amene ali ndi mphamvu yosintha zinthu?

Pamene kudina kunagwira ntchito, ndi pamene kunalephera

Tiyi wochuluka amene amatcholedwa ku Thyolo ndi ku Mulanje sitimwa ndife. Amapita kunja, wina kudzera pa msika wa tiyi wa ku Limbe, ndipo amakasakanizidwa ndi tiyi wa maiko ena asanaikidwe m'mapaketi. Mayi wa ku London amene akuthira madzi otentha m'kapu mwake sadziwa kuti masambawo anachokera m'munda uti. Kwa zaka zambiri makampani opakira tiyi sankaulula maina a minda imene amagulako.

M'chaka cha 2018 bungwe lina la ku Britain lotchedwa Traidcraft Exchange linayambitsa kampeni yofunsa makampani asanu ndi limodzi akuluakulu a tiyi m'dzikolo funso limodzi: anatchola tiyi wanga ndani? Nkhawa yawo yaikulu inali pa amayi a m'minda ya ku Assam m'dziko la India. Anthu wamba anatumiza timakalata ndi mauthenga a pa intaneti ku makampaniwo. Aliyense zinkangomutengera mphindi zochepa. Kampani ya Yorkshire Tea inayamba kutulutsa mndandanda wa minda imene imagulako, ena monga Twinings ndi Tetley anatsatira, ndipo pofika 2019 onse asanu ndi limodzi anali atatulutsa. Apa kudina kunathandiza. Tiyeni tione chifukwa chake. Pempho linali limodzi ndi lomveka bwino. Linkapita kwa munthu wodziwika amene akanatha kuyankha kuti inde kapena ayi. Opemphawo anali makasitomala, anthu amene kampani imaopa kuwataya. Ndiponso kumbuyo kwake kunali bungwe lokhala ndi antchito amene ankawerenga mainawo ndi kukagogoda pa makomo a mabwana. Komabe tisaiwale kuti mndandanda wa maina a minda sunakweze malipiro a munthu aliyense tsiku lomwelo. Unangotsegula chitseko kuti pakachitika choipa m'munda wina, anthu adziwe kampani yoti aifunse.

Chaka chimodzi izi zisanachitike, mu 2017, panali nkhani ina imene inatha mosiyana. Amayi a ku Satemwa ndi alimi ang'onoang'ono a tiyi akudziwa za Fairtrade. Tiyi akagulitsidwa pansi pa chizindikiro chimenechi, wogula amawonjezera masenti 50 a ndalama ya ku America pa kilogalamu iliyonse, ndipo ndalama yowonjezerayo amaigwiritsa ntchito ndi antchito kapena alimi eni ake kudzera m'komiti yawo, pa zinthu monga mijigo, sukulu ndi zipatala. Vuto lakhala lakuti ndi gawo lochepa chabe la tiyi limene limapeza wogula pa mtengo umenewu. Tsono mu 2017 sitolo yaikulu ya Sainsbury's ku Britain inalengeza kuti ikuchotsa chizindikiro cha Fairtrade pa mitundu ina ya tiyi wake n'kuyambitsa dongosolo lakelake, m'mene alimi ankayenera kupempha ndalama ija ku komiti yokhala ku London. Atsogoleri a alimi a tiyi a muno mu Africa analemba kalata yokana. Anthu pafupifupi 100,000 analemba maina awo pa kalata yodandaula ya pa intaneti. Sitoloyo inamva phokoso lonselo, koma chaka chimenecho inapitirira ndi ganizo lake. Maina ochuluka chotero, kuposa anthu a m'matauni athu ambiri, sanathe kutembenuza mtima wa kampani imodzi pa nthawiyo.

Nkhani ya amayi 36

Apa tikhalitsepo, chifukwa ndi nkhani ya pakhomo pathu ndipo ambiri a ife timaidziwa ngakhale sitiikamba mokweza.

Ntchito yambiri ya m'minda ya tiyi ndi ya nyengo. Mvula ikayamba masamba amaphuka msanga ndipo esiteti imalemba anthu ambiri. Chilimwe chikafika ambiri amabwerera kunyumba. Wolemba dzina, wogawa mizere, woyeza pa sikelo ndi wonena kuti uyu abwerenso chaka chamawa nthawi zambiri amakhala mwamuna. Kuno ku Thyolo malo olima ndi ochepa, nthochi zimene zinkatithandiza zinatha ndi matenda a chisaka, ndipo mayi wamasiye kapena wosiyidwa ndi ana alibe kwina kothawira. Pamene munthu mmodzi wagwira m'manja mwake chakudya cha ana a mnzake, tikudziwa zimene zimatha kuchitika.

M'chaka cha 2019 maloya a kampani ya Leigh Day ya ku London anakasuma ku khoti lalikulu la ku England m'malo mwa amayi 36 amene ankagwira ntchito m'minda ya Eastern Produce Malawi ku Mulanje ndi ku Thyolo. Amayiwa anati anazunzidwa ndi amuna oyang'anira ntchito, ena kukakamizidwa kugona nawo kuti asachotsedwe ntchito, ena kugwiriridwa. Mlanduwo unalunjika kwa kampani ya Camellia ya ku Britain, imene inali mwini wamkulu wa mindayo. Mu February 2021 mbali ziwirizi zinagwirizana kuthetsa nkhaniyo kunja kwa khoti. Kampani sinavomere kulakwa, koma inalengeza kuti mgwirizanowo uidyera ndalama zokwana mapaundi 2.3 miliyoni, kuphatikizapo chipukuta misozi cha amayiwo ndi zolipira maloya. Inalonjezanso kuika amayi oyang'anira chitetezo cha amayi anzawo m'minda, kuphunzitsa amayi kuti afike pa maudindo, ndi kukonza njira yoperekera madandaulo. Amayi ena 31 anasumiranso kampani ya PGI, mwini wa minda ya Lujeri ku Mulanje, pa madandaulo ofanana, ndipo nyuzipepala ya Sunday Times ya ku Britain inalemba za nkhaniyi mu 2021.

Tsono tifunse: pa zonsezi, kudina kunali pati? Mtolo wolemera anausenza ndi amayi eni ake. Iwo ndi amene anakhala pansi pamaso pa alendo n'kufotokoza zinthu zimene mayi sauza ngakhale mchemwali wake. Iwo ndi amene anaika pa chiswe ntchito yawo, ukwati wawo ndi mbiri yawo m'mudzi, podziwa kuti pakamwa pa anthu sipatsekeka. Palibe chala chachikulu cha pa Facebook chimene chikanachita zimenezi m'malo mwawo. Pambuyo pawo panali maloya, omasulira, ndi anthu ena amene anawakhulupirira poyamba pomwe.

Koma tikanama tikati phokoso la anthu akutali linalibe ntchito. Kampani yogulitsa tiyi ku Ulaya imakhalira mbiri yabwino. Taonani zimene zinachitika ku Kenya. Mu October 2020 nyuzipepala zitalemba za madandaulo a nkhanza za alonda a pa esiteti ya Kakuzi, imenenso Camellia inali ndi gawo lalikulu, masitolo a Tesco, Sainsbury's ndi Lidl anayamba aimitsa kugula mapeyala a kumeneko. Masitolo amachita zotere chifukwa amadziwa kuti ogula awo akuwerenga, akutumizirana nkhaniyo ndipo akufunsa mafunso. Munthu mmodzi wotumiza nkhani kwa mnzake ali ngati mayi amene wamva mkuwo kutsidya n'kuubwereza kuti ufike kumudzi wina. Iye sanagwire wakuba, koma popanda iye amuna onyamula zibonga sakanadzuka. Chimene tiyenera kukumbukira n'chakuti mkuwo umathandiza pokhapokha ngati kumapeto kwake kuli wina wodzuka ndi kuthamanga. Mudzi wonse ukangokuwa uli chigonere, mbuzi zimapita.

Za malipiro nazo zili chimodzimodzi. Mu 2013 bungwe la Oxfam pamodzi ndi la Ethical Tea Partnership anatulutsa lipoti losonyeza kuti malipiro a otchola tiyi ku Malawi, ngakhale ankakwanira zimene lamulo limafuna, anali ochepa kwambiri moti banja silikanatuluka nawo mu umphawi. Manyazi amene makampani ogula anachita pamaso pa makasitomala awo anathandiza kuti mu 2015 pabadwe ndondomeko ya Malawi Tea 2020, yofuna kuti pofika 2020 wantchito azilandira malipiro okwanira kukhalira moyo. Mu 2016 bungwe la eni minda la Tea Association of Malawi ndi bungwe la antchito la PAWU anasainirana kwa nthawi yoyamba mgwirizano wa malipiro wochita kukambirana. Malipiro anakwera, chakudya cha masana m'minda chinakonzedwako, koma cholinga chija sichinafikidwe chonse pofika 2020, ndipo kugwa kwa kwacha kwa zaka zotsatira kwadya zambiri mwa zimene zinapezekazo. Aliyense wa ife amene amapita ku msika wa ku Luchenza ndi malipiro a masabata awiri akudziwa zimenezi kuposa wolemba lipoti. Apanso phokoso lakunja linakankha chitseko, koma okhala pa tebulo kukangana za ndalama anali anthu okhala ndi maina, osankhidwa ndi anzawo ndipo olipira ndalama ya umembala mwezi ndi mwezi.

Foni ikasanduka mbale ya chopereka

Pali mtundu wina wa kudina umene sitingaukayikire, ndiwo wotumiza ndalama. Mu January 2021, matenda a Covid-19 atafika poipa, bambo wina amene anagonekedwa m'chipatala ku Lilongwe analemba pa Facebook kupempha kachipangizo kolumikizira mpweya wa okosijeni. Bamboyo anamwalira, koma uthenga wake unagwedeza dziko. Mlembi Onjezani Kenani ndi anzake anayamba kusonkhetsa ndalama kudzera pa Facebook pomwepo. Amalawi a muno ndi okhala kunja anatumiza, ena zambiri, ena zochepa kwambiri kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo zinakwana mamiliyoni ambirimbiri a kwacha amene anagulira masilinda a mpweya ndi zipangizo zina za m'zipatala. Chimene chinapangitsa anthu kupitiriza kupereka n'chakuti otsogolerawo ankaonetsa poyera ndalama zimene zalowa ndi zimene zagulidwa. Asungichuma a magulu athu, imvani pamenepa.

Mu March 2023 namondwe wa Freddy atagwetsa matope a phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe ndi kuwononga midzi ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Nsanje ndi kuno ku Thyolo, anthu oposa 500,000 anasowa pokhala. Masiku amenewo foni inagwira ntchito yaikulu. Abale a ku Johannesburg ndi ku Cape Town anadziwa za kwawo kudzera pa WhatsApp natumiza thandizo tsiku lomwelo. Magulu anauzana kumene kukufunika zofunda ndi ufa. Koma tinaonanso zina zimene sitifuna kuzionanso: zithunzi za matupi a anthu omwalira, ena ana, ena osavala, zikuyenda m'mafoni, mwina kufika kwa mbale wake asanauzidwe mwamwambo. Otumizawo ambiri ankati akuonetsa chisoni. Ifetu pa maliro timafunditsa thupi nsalu ndipo uthenga timatuma munthu wamkulu kuti akanene mwaulemu. Ulemu umenewo usathere pa chitseko cha foni.

Za kutali tingotchulako imodzi. Pa 14 April 2014 zigawenga za Boko Haram zinaba atsikana 276 pa sukulu ya ku Chibok m'dziko la Nigeria. Anthu mamiliyoni, kuphatikizapo mayi Michelle Obama, anajambulitsa atanyamula pepala lopempha kuti atsikanawo abwezedwe. Dziko lonse linadziwa, ndipo boma la Nigeria silinathenso kukhala chete. Ambiri anamasulidwa pambuyo pake kudzera m'zokambirana, ena anathawa okha. Koma pofika 2024, patatha zaka khumi, oposa 80 anali asanabwerere. Odina anali atapita kalekale ku nkhani zina. Amene anapitiriza kuwerenga masiku anali amayi awo.

Choopsa chobisika

Pali chinthu china chimene tiyenera kuvomereza moona mtima, chifukwa chimatichitikira tonse. Munthu ukadina, mtima umapepuka. Umamva ngati wachita mbali yako. Ndiye mawa lake mnansi wako, mayi yemwe uja wa dengu kumsana, akabwera kudzapempha kuti umuperekeze kwa a polisi kapena ku ofesi ya zantchito ku boma, umapeza kuti uli ndi zochapa zambiri. Kumvera chisoni mayi wa pa chithunzi n'kosavuta, chifukwa iye sadzakupempha ndalama ya minibasi, sadzakuika m'mavuto ndi kapitawo amene mwina ndi mlamu wako, mwinanso ndi mkulu wa mpingo mnzathu. Mayi weniweni wa pa nyumba yoyandikana nayo ndiye amavuta.

Ndiponso si uthenga uliwonse wopempha chifundo umene uli woona. Uthenga wonena kuti kampani ya Facebook ipereka ndalama kwa mwana wodwala pa "Amen" aliyense ndi bodza. Palibe ndalama imene imatuluka pamenepo, ndipo kawirikawiri chithunzi cha mwanayo chinatengedwa makolo ake osadziwa. Ena amaika nambala yawo ya foni pansi pa chithunzi cha tsoka la eni ake n'kumalandira zopereka. Winanso amatha kuika dzina ndi nkhope ya munthu n'kumunenera mlandu umene sunafufuzidwe, ife n'kumafalitsa. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2016 loona za mauthenga a pa intaneti, ndipo munthu angathe kuimbidwa mlandu chifukwa cha zimene wafalitsa. Koposa zonse, ngati mayi watiuza zakukhosi za nkhanza zimene wachitiridwa, nkhani yake si yoika pa gulu la WhatsApp, ngakhale titabisa dzina, ngakhale titati tikupempha mapemphero. M'malaini a pa esiteti anthu amadziwana. Ukangotchula divishoni ndi chiwerengero cha ana ake, wamuulula kale.

Nanga ife tichite chiyani?

Sitikunena kuti amayi okhala ndi mafoni aleke kudina. Mtsikana uja anali ndi mfundo: kudutsa osayang'ana n'koipa kuposa. Masiku 16 olimbana ndi nkhanza kwa amayi, kuyambira pa 25 November mpaka pa 10 December, tikaika uthenga pa foni kapena kuvala zakuda tsiku Lachinayi, mwina mwana wa mchemwali wathu amene akuzunzika mwakachetechete adzaona n'kudziwa kuti azakhali awa ndingathe kuwauza. Chimenecho si chaching'ono. Koma akabweradi kudzatiuza, tikhale tikudziwa chochita. Tidziwe kuti lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa kuvutitsa munthu pa nkhani zogonana, pa ntchito pomwe. Tidziwe kumene kuli ofesi ya polisi yothandiza ozunzidwa, ija amati Victim Support Unit. Tidziwe kuti wogwiriridwa ayenera kufika kuchipatala msanga, maola 72 asanathe, kuti alandire mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV. Tisunge pamtima nambala zaulere: 116 ya nkhani za ana ndi 5600 ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi. Tidziwe dzina la woimira bungwe la antchito pa esiteti yathu, ndi mayi amene anaikidwa kulandira madandaulo ngati alipo.

Ndipo uthenga ukafika pa foni wopempha kuti tidine kapena titumize, tiyambe taima kaye. Wautumiza ndani, ndipo tikumudziwa? Ukupempha chinthu chenicheni kwa munthu weniweni, kapena ukungofuna kuti uyende? Ngati pali ndalama, adzationetsa m'mene zagwirira ntchito? Mwini nkhope ili pa chithunziyi anavomera? Mayi amene ali ndi foni yamakono m'gulu akhale ngati maso a gulu lonse: aziwerengera anzake nkhani zoona zokhudza malipiro, mitengo ndi malamulo, m'malo mongowaonetsa zithunzi zomvetsa chisoni za moyo umene iwo akuudziwa kale.

Pa msonkhano uja zinthu zinatha motere. Mayi wachikulire uja, ataona kuti mnzake wakhumudwa, anamuitana kuti akhale naye pa mphasa. Anamuuza kuti mwezi wathawo makilogalamu amene anamulembera pa pepala la malipiro sanagwirizane ndi amene iye ankawerengera pamtima, koma maso ake saonanso bwino manambala ang'onoang'ono. Wachitsikana uja anatenga pepalalo, anatsegula kowerengera ka pa foni yake yomwe ija, ndipo awiriwo anayamba kuphatikiza tsiku ndi tsiku. Amayi ena atatu anati sabata yamawa abweretsanso mapepala awo.

Zokambirana m'magulu

Mtsogoleri agawe amayi m'timagulu ta anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo aonetsetse kuti m'kagulu kalikonse muli okhala ndi foni yamakono ndi opanda. Poyamba aliyense wokhala ndi foni anene uthenga wotsiriza wopempha thandizo umene anatumiza kwa ena, ndipo anene ngati akudziwa m'mene nkhaniyo inathera. Kenaka amayi amene amagwira kapena anagwirapo ntchito m'minda ya tiyi anene chinthu chimodzi chimene akanakonda kuti anthu akumwa tiyi kunja achidziwe, ndi china chimene akanakonda kuti ife anansi awo tiwachitire. Pa gawo limeneli pasakhale wotchula dzina la munthu, ndipo mafoni onse akhale m'zikwama.

Funso lovuta tilisungire kumapeto, ndipo musalithamangire: mayi wa m'gulu lathu atabwera kudzadandaula za kapitawo amene mkazi wake alinso m'gulu lathu lomweli, tingachite chiyani, ndipo ndani mwa ife angamuperekeze?

Mlembi alembe maina a amayi awiri amene avomera kukhala operekeza anzawo ku polisi, kuchipatala kapena ku ofesi ya zantchito, ndipo msungichuma anene ngati thumba la gulu lingathe kupatula ndalama ya ulendo umodzi wa minibasi wopita ku boma ndi kubwerera. Mayankho abwere nawo ku msonkhano wa mwezi wamawa.